Walowa Kapena Watuluka?

4 Malichi

Mwana wanga Kapensulo,

Ndikhulupirira uli bwino kunjako, ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tilipo, kungoti mawondo angawa sakundipatsa mtendere. Ndaganiza zolemba kalata chifukwa pafoni umangoti, "Ndili pa ntchito Amayi, ndiimbanso," ndipo kuimbansoko sitikuona. Kalata sungaidule pakamwa.

Filimu yako ya katuni ija taionera. Mchimwene wako anatseka msanga kometera kwake Loweruka n'kubwera atasenza kanema wa kushopuko. Pabalaza tinadzazapo ine, abambo ako, iyeyo ndi mlamu wako, komanso azakhali ako amene anabwera osaitanidwa monga mwa masiku onse. Dzina lako litatuluka ndinaimirira n'kuwomba m'manja mpaka anachita kundikoka diresi kuti ndikhale pansi.

Koma mwana iwe, m'mutu mwako mumayenda zotani? Mvula yotuluka pansi kupita kumwamba! Anthu ovula nkhope zawo madzulo, kuzichapa, n'kuziyanika pachingwe ngati malaya! Ndiye mkazi uja, wopanda pakamwa, woyenda tauni yonse atabereka chitseko kumsana. Chitsekocho titachiona tonse tinangoti, aa, si chathu chija? Chobiriwira, mfundo ya thabwa ili pakati, mpaka pamene galu anakanda m'munsi. Abambo ako anachipanga ndi manja awo iwe usanabadwe. Anasendera kutsogolo ndi mpando womwe.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi mathero ake. Mkaziyo wafika pabwalo lopanda kanthu, watula chitseko, chaima chokha popanda khoma. Watsegula, wadutsa, chatsekeka, ndipo kumbali inayo sanatulukire. Kenako kanema yense mbee, kungomveka supuni ikutakasa m'kapu. Basi, yatha. Ife tinakhala tikudikirabe, mchimwene wako mpaka anamenya kanemayo poganiza kuti wawonongeka.

Ine ndikuti mkaziyo walowa kwawo, ndipo supuniyo ndi mayi ake akumukonzera tiyi. Ndalasa? Ndiuze, chifukwa unatilonjeza kuti ntchito yako ikatha mu Ogasiti ubwerera kuno. Chipinda chako chili momwe unachisiyira. Mlamu wako ndi woyembekezera, ndipo akugonabe m'kachipinda kaja ka kuseri kwa shedi ya abambo ako, momwe utuchi umalowa ngati kwawo. Mchimwene wako anapempha chipinda chakocho, koma abambo ako anakana, ati mwini wake akubwera.

Undiyankhe msanga.

Ndine mayi ako.


12 Malichi

Iwe Kapensulo,

Landira moni wa mchimwene wako, munthu amene watchuka chifukwa cha iwe. Uli bwanji? Ukudya koma? Pachithunzi chija unatumiza ukuoneka ngati pensulo yeniyeni.

Filimu yako ndikuionetsa kometera tsiku lililonse, mpira ndasiya kuika. Makasitomala akukangana mpaka ndimachita kuwagwira mutu kuti ndisawadule khutu. Dalaivala wina wa basi akuti mkaziyo wakwatiwa. Wogulitsa mafoni pakhonde paja akuti ndalama zinakutherani ndiye munangoimitsa. Azakhali ndiye aitengera pamtima nkhaniyi. Akuti kuyera kuja ndi imfa, wajambula maliro ako omwe, ndipo ayamba kale kusala kudya kuti upulumuke. Kusalako kumatha akangomva fungo la mphika wa Amayi.

Maganizo anga ndi awa, ndipo usandikwiyire. Munthu wobwerera kwawo sabereka chitseko, amakachipeza komweko. Mkazi uja wazula chitseko kwawo n'kukachiimika kwina, ndiye kuti wasamuka. Ndinawauza Amayi zimenezi, anandigenda ndi nsapato, ati ndikumasulira ndi maso a munthu wofuna chipinda.

Mwina n'zoona. Chipindacho ndikuchifunadi, sindibisa. Mlamu wako amadzuka akutsokomola utuchi, ndipo makina a Ababa akayamba kulira m'mawa khoma limachita kunjenjemera. Mwana akubwera mu Sepitembala. Ndidzamuika pati, m'bokosi la misomali? Ndinatchulapo zokachita lendi, Amayi anangotsala pang'ono kukomoka, ati mdzukulu wawo woyamba sangabadwire m'nyumba ya eni.

Sindikukuthamangitsa, mlongo wanga. Ngati ukubwera, nena kuti ndikubwera, ine ndiona chochita. Ngati sukubwera, nenanso. Ababa sangasunthe popanda mawu ako, ndipo chionereni filimu ija sananenepo kanthu, kaya kuti ndi yabwino kaya yoipa.

Kodi mkaziyo unamumana pakamwa dala kuti tisamufunse?

Mchimwene wako.


3 Epulo

Okondedwa Amayi ndi Achimwene,

Pepani ndachedwa kuyankha. Makalata anu onse awiri ndinalandira, koma takhala tikuyenda ndi filimuyi m'malo osiyanasiyana, ndipo ndikafika kunyumba ndimangogwera pabedi ndi nsapato zomwe. Chifuwa chinatha. Ndikudya, Achimwene, musade nkhawa. Mlamu ali bwanji? Azakhali muwauze kuti ndili moyo, adye.

Ndaseka mpaka misozi ndi nkhani za kometera. Koma funso lanulo, Amayi, ndi lomwe aliyense akundifunsa kuno, ndipo sindiyankha. Si mwano ayi. Filimu yotere sikhala ndi yankho limodzi lobisika pansi pa pilo. Tinaisiya choncho dala kuti aliyense amalize yekha. Ngati inu mwamva tiyi, ndiye kuti ndi tiyi. Ngati Achimwene aona kusamuka, ndi momwemonso. Ndipo chonde, mkazi uja si ine. Ndi mizere chabe imene ndinajambula ndi anzanga, titawerama pamatebulo mpaka misana kuuma. Kuti angotukula phazi kamodzi pamafunika zithunzi zambirimbiri.

Chitseko n'chathudi. Ndinachijambula kuchokera pachithunzi chija Achimwene ananditumizira chaka chatha, Ababa ataima pambali. Ndinkafuna kuti m'filimu yonse yosokonekerayo mukhale chinthu chimodzi chenicheni. Anakondwa koma? Bwanji palibe akundiuza zimene ananena?

Tsopano za Ogasiti. Abwana athu akufuna ndikhalebe kuti nditsogolere filimu ina yaitali. Sindinavomere, sindinakane. Tsiku lina ndimadzuka nditatsimikiza zobwerera, mpaka kutsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Pofika masana ndaona chojambula changa chikuyenda koyamba pakompyuta, mtima wasintha. Ndipatseni nthawi pang'ono. Achimwene, pirirani, sindinakuiwaleni.

Ndine mwana wanu,
Kapensulo.


20 Epulo

Kapensulo,

Moni. Kalata yako yafika, ndipo ndaibwereza kuwerenga osapezamo chogwira. Ukuti aliyense amalize yekha. Chabwino, abambo ako amaliza okha, ndiye tamvera.

Lamlungu masana anauza mchimwene wako kuti awaikirenso kumapeto kokha. Anaonera, n'kuti bwezera. Anaoneranso, bwezera. Kenako anati, "Imitsa pomwepo," pamene mkaziyo wagwira chogwirira. Anadzuka, kutuluka panja, n'kutseka chitseko. Tinangoona akankha, alowa. Atseka. Akoka, atuluka. Analowa ndi kutuluka choncho ngati munthu woiwala chipewa, ife tikungoyang'anana.

Pomaliza anaima pakhomo n'kunena kuti, "Chitseko ichi mahinjesi ake ndinawaika m'kati. Wolowa amakankha. Wotuluka amakoka. Mkazi uyu wakoka."

Ndinati, inu bambo, ndi katuni iyi, mvula yake ikupita kumwamba, mukufuna chitseko chokha chimvere malamulo? Iwo anati, "Mwana walemba yekha kuti chinthu chenicheni m'menemo ndi chitseko." Mchimwene wako sanasangalale ngakhale zinamukomera, anangozimitsa kanema n'kutuluka.

Chiyambire tsiku limenelo munthuyu sakukhazikika. Akudya choimirira. M'shedi akupala thabwa limodzimodzi mpaka latsala ngati pepala. Dzulo ndinawapeza m'chipinda chako atakhala pabedi, ndipo atandiona anayamba kugwedeza zenera ngati anabwera kudzalikonza. Akuti watitsanzika pamaso pa dziko lonse, ife n'kumawomba m'manja.

Tsono mwana wanga, ndikupempha. Alembere abambo ako kalata yawoyawo, osati yodzera mwa ine. Uwauze kuti mkaziyo walowa. Kaya n'zoona kaya si zoona, zoti aliyense amalize yekhazo uzisiye kaye. Mawu awiri okha akwana. Ine mtima uli m'mwamba, sindinawaonepo chonchi chikwatiraneni.

Mayi ako.


7 Meyi

Kapensulo,

Moni sindikupatsa wambiri, ndatopa. Kalata ya Amayi unalandira kapena ayi? Foni yako ikungolira yokha.

Ababa asamukira kometera kwanga. Amabwera m'mawa n'kukhala pabenchi ya odikira, tsitsi alibe. Kasitomala akangokhala pampando amamufunsa, "Mwaionera? Walowa kapena watuluka?" Akati walowa, amamufotokozera za mahinjesi mpaka munthu kuvomera kuti watuluka. Akati watuluka, amakwiya, ati mukumudziwa mwana wanga inu? Mphunzitsi wina anawauza kuti popeza palibe khoma, palibenso kunja kapena m'kati, funsolo n'lopanda pake. Ababa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumufunsa ngati ali ndi mwana. Anthu ayamba kukametetsa kwina.

Oda ya mipando ya kusukulu ili pomwepo, sanaigwire. Za chipinda ndasiya kutchula, ndimaoneka ngati ndikusangalala ndi zomwe zachitikazi. Mlamu wako miyendo yatupa, akugona chokhala kuti apume bwino. Sanadandaulepo kwa wina aliyense, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundipweteka kwambiri.

Iwe uli uko akukuwombera m'manja. Ife kuno filimu yako sikutha. Lemba.

Mchimwene wako.


16 Meyi

Okondedwa Ababa,

Muli bwanji? Msana uja ukukuvutanibe? Ndamva kuti filimu yanga yakusowetsani mtendere, ndipo zandiwawa kwambiri. Ndachedwa kulemba chifukwa ndimati ndikayamba ndimang'amba. Amayi anandipempha kuti ndingonena kuti mkaziyo walowa, koma inu ndikakunamizani mumadziwa, ndiye ndikuuzani momwe zinakhalira.

M'kukoka kuja mulibe uthenga uliwonse. Chithunzi chimene ndinali nacho chinali cha chitseko chotseka, mahinjesi sankaoneka. Titafika pojambula kutsegukako, mnzanga amene amayendetsa zithunzi anandifunsa kuti chitsegukire mbali iti. Ndinaganiza, ndinaganiza, osakumbuka. Ndinaiwala, Ababa, basi. Ndiye tinasankha kuti achikokere kwa iye, chifukwa chikatero chimamuphimba bwino, woonera saona nkhope yake akamadutsa. Tinagwirizana m'kanthawi kochepa tikumwa khofi, ndipo palibe amene anaganiza za kulowa kapena kutuluka.

Mukuona? Sindinakutsanzikeni. Mwawerenga chinthu chimene sindinalembe. Mtima pansi, bwererani ku shedi, asiyeni makasitomala a Achimwene ametedwe mwamtendere.

Za kubwera sindinatsimikizebe. Abwana andipatsa mpaka kumapeto kwa Julayi. Chipinda chikhale kaye momwemo, ndikupemphani. Ndikangodziwa, woyamba kumva mudzakhala inu.

Ndakusowani.

Mwana wanu,
Kapensulo.


31 Meyi

Iwe mwana,

Tili moyo. Za moyo wako lero sindifunsa, ndakwiya.

Ndinakupempha mawu awiri. Iwe watumiza tsamba lonse, n'kundiululanso kuti ndinakutuma kunama. Zimenezo ndilibe nazo ntchito, ine ndi abambo ako tinazolowerana. Koma "ndinaiwala"! Unalemba ndi dzanja lako, n'kuwerenganso, n'kuona kuti amenewa ndi mankhwala? Bola ukanangoti mkaziyo watuluka. Wotuluka amadziwako khomo limene watulukira.

Kalatayo anawerengera pakhonde, magalasi ali pamphuno. Atamaliza anaipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya. Anandifunsa kuti, "Zaka zonse zija, pochokera kusukulu, ankalowa bwanji?" Ndinati unkachikankha ndi phewa chifukwa manja ankakhala odzaza mapepala. Anati, "Eya, ndi phewa. Penti inachita kutha pamenepo." Madzulo anadya bwino, atakhala pansi, koyamba m'masabata onsewa, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kusadya kuja.

M'mawa mwake anaitana mchimwene wako n'kumuuza kuti akonzeke kulowa m'chipinda chako. Iye anakana, ati tidikire Julayi, koma iwo anati adikira mokwanira. Panopa ndikulongedza zinthu zako m'makatoni. Mapepala ako ndi ambiri, mwana iwe, ena unandijambula ndili wonenepa ngati thumba. Ndikulongedza ndikulira, ndipo sindikudziwa ngati ndikulirira iwe, iwo, kapena mlamu wako amene akuyenda chozyolika ngati waba.

Kometera asiya kupita. Mipando ya kusukulu ayamba kukhoma.

Mayi ako, ngakhale wandikhumudwitsa.


10 Juni

Ababa,

Ndikulemba ndili m'sitima, pepani zilembo zikupotoka. Ndayesa kuimba kangapo, Amayi akungoti muli ku shedi.

Chonde musatulutse katundu wanga. Sindinanene kuti sindibwera. Ndikudziwa kuti mlamu akuvutika, ndikudziwa kuti chimene ndikupempha n'chopanda chilungamo, koma ndikupemphabe. Kuno ndimapirira kuzizira, chinenero cha eni ndi kudya ndekha chifukwa ndimadziwa kuti kwinakwake kuli bedi limene palibe wina amagonapo. Mukalipereka, ndidzakhala kuno chifukwa ndilibe kwina, osati chifukwa ndasankha.

Chiwerengereni kalata ya Amayi, chitseko chilichonse chimene ndafika ndimaima kaye, mpaka anzanga kuntchito akundiseka. Phewa lija ndalikumbuka tsopano, ndi momwe chitseko chinkakhulira simenti nyengo ya mvula. Zonse zabwera, koma mochedwa.

Munafunsa anthu onse a kometera, ine simunandifunse. Ndiyankha ngakhale simunafunse, ndipo izi sindinauzepo munthu. Pojambula mathero aja sindinkaganiza zoti mkaziyo alowe kapena atuluke. Ndinkangofuna atule chitsekocho. Anachibereka filimu yonse, ndipo ndine amene ndinajambula msana wake ukupindika pang'onopang'ono. Chinkalemera, Ababa. Zimene zili kuseri kwake sindinajambule chifukwa sindikuzidziwa.

Ndipatseni mpaka Julayi basi. Ndikuopa.

Kapensulo.


25 Juni

Mwana wanga,

Moni. Ndili bwino, msana uli bwino. Makalata aatali sindiwatha, ndiye upirire ndi yaifupi.

Makalata ako awiri ndawerenga. Filimu ndi yabwino. Sindinakuuze, ndikukuuza tsopano. Thabwa unalijambula bwino, mfundo ili pamalo pake. Anthu oyanika nkhope aja ndimawakumbukira ndikamasamba m'maso.

Za kuiwala sindinakwiye. Zinandiwawa, kukwiya ayi. Munthu amaiwala chimene sakuchigwira tsiku ndi tsiku. Nanenso ndayesa kukumbukira momwe umasekera, zikundivuta.

Ukuti chinkalemera. Ndamva. Ine ndinkayesa kuti posunga chipinda ndikukuchitira zabwino, osadziwa kuti ndakusenzetsa katundu. Nafenso kuno chimatilemera. Amayi ako kusesamo ndi kuyala bedi limene sipagona munthu, mlamu wako akutsokomola kuseri kwa khoma langa, ine ndikumva. Filimu ikhoza kuthera poyera, anthu n'kudzuka kumapita kwawo akukangana. Mwana wa mchimwene wako sangadikire kuti tigwirizane.

Mchimwene wako ndi mlamu wako analowa m'chipindamo Lachiwiri. Khoma tapaka penti yachikasu. Bedi lako ndalifupikitsa miyendo kuti mlamu wako asavutike pokwera. Makatoni ako ali pamwamba m'shedi, ndawakutira pulasitiki, sanyowa. Kabedi ka mwana ndayamba.

Za abwana ako usankhe wekha. Chipinda usachiike pasikelo chifukwa palibenso. Ukakhala kumeneko, ugwire ntchito ndi mtima wonse, ndipo filimu yotsatirayo utitumizire. Ukabwera, kaya mu Ogasiti kaya chaka china, utiuze tsiku, ndidzakuchingamira ndekha. Udzagona pabalaza, pamatilesi amene timayalira alendo.

Amayi ako aima kumbuyo kwangaku akuwerenga. Akuti ndifufute mawu akuti alendo. Ndafunafuna ena oti ndiikepo, sindinawapeze.

Ndine bambo ako.